Chilembo Chimene Ndinachotsa

Amene anandipezera ntchito pa kampani ina yotumiza katundu pa ndege ku Chileka ndi amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali atagwirapo kale zaka zambiri ngati wotayipa. Ofesi yathu inali chipinda chimodzi chachitali m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege, ndi kachipinda kena kumbuyo. Ndege ikamatera mawindo ankanjenjemera, koma amalume sankadzutsa mutu. Ntchito yawo inali kulemba ndandanda wa katundu: mabokosi angati, muli chiyani, akulemera bwanji, akupita kuti. Popanda pepala limenelo akasitomu sankalola bokosi ngakhale limodzi kukwera ndege. Ankatayipa ndi zala zonse khumi, mapepala atatu ndi kaboni pakati, ndipo sindikumbuka kuti ndinawaonapo akung'amba pepala chifukwa cholakwitsa.

M'kati mwa sabata ankagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi ofesi. Lachisanu madzulo ankakwera minibasi, kutsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Lirangwe, kumene anakwatira. Kwathu iwo ndiwo anali mwini mbumba. Milandu yathu ankaweruza ndi iwo, ndipo pa ukwati wanga anali ankhoswe. Ku ofesi ndinkakhala mayadi awiri kuchokera pa desiki pawo, koma sindinaiwalepo tsiku ndi limodzi kuti ndi ndani.

Patapita zaka zochepa chiyambireni ndale za zipani zambiri, kampani inagula makompyuta awiri. Inalembanso bambo wina wa m'tauni kwa miyezi ingapo kuti atikonzere pulogalamu yosindikiza ndandanda uja. Makompyuta a nthawi imeneyo, makamaka athuwo, analibe zithunzi zodina. Sikirini inali yakuda bii, ndi kamzere kothwanima pakona. Unkalemba dzina la pulogalamu, kenako zilembo zingapo, chilichonse ndi kamzere patsogolo pake. Chilembo chilichonse chinali lamulo: china cha kuchuluka kwa mapepala, china cha katundu wopita ku Lilongwe, china cha katundu wotuluka kunja kwa dziko. Ukamaliza mzerewo n'kudina batani lalikulu, pulinta inkayamba kulira.

Anthu ankayembekeza kuti amalume akana. Sanakane. Anagula kabuku ka chikuto chofiira, n'kukopera mzere uliwonse monga mmene bambo wa m'tauniyo anawauzira, ndipo kankakhala m'thumba la malaya limodzi ndi zolembera zawo ziwiri. M'mawa uliwonse ankakatsegula pambali pa kiyibodi ngati buku la nyimbo. Sabata zitatu zisanathe anali akusindikiza okha. Makina otayipira anawaphimba ndi nsalu n'kuwakweza pamwamba pa kabati.

Ine bambo uja anandiphunzitsa zina. Anaona kuti ndimakonda kufunsa, ndiye ankandiitanira kuchipinda chakumbuyo nthawi ya nkhomaliro. Anandionetsa mmene pulogalamu imalembedwera, ndi mmene imaperekedwera kwa pulogalamu ina yotchedwa kompaila, imene imatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa chinthu choti makina athe kuyendetsa. Kompaila nayo inkafuna mzere wake wa zilembo ndi timizere. Pochoka anandisiyira buku lochita fotokope, lokhuthala, masamba ena osaoneka bwino, ndipo anauza amanijala kuti zing'onozing'ono ndizikonza ine. Kuyambira pamenepo amanijala ankanditchula kuti katswiri wathu. Ndinkachita ngati sindikusamala, koma ndinkakondwa.

Pulogalamu yathu inali ndi khalidwe limodzi loipa. Ukalemba chilembo chimene siikuchidziwa, inkalira kamodzi mokweza, n'kulemba mawu awiri a Chingerezi otanthauza kuti lamulo losadziwika, basi. Sinkanena kuti ndi chilembo chiti, kapena kuti zolondola ndi ziti. Anailemba choncho ndi bambo wa m'tauni uja. Ine ndinali nditauona mzere umenewo kangapo m'kati mwa pulogalamu ndipo sindinaganizepo kuti pali vuto.

Chaka china, mvula itangoyamba, apongozi awo a amalume anamwalira ndipo iwo anakhala ku Lirangwe kupitirira sabata. Ntchito yawo ndinagwirizira ine. Sabata yomweyo kampani, imene inkatumiza ku dziko limodzi lokha lakunja, inayamba kutumiza katundu ku dziko lachiwiri, ndipo akasitomu anati mapepala a mayiko awiriwo azisiyana. Ndinatsegula pulogalamu n'kugawa lamulo la katundu wakunja pawiri, dziko lililonse chilembo chake. Chilembo chakale ndinachichotsa chifukwa chinalibenso ntchito. Ndinapereka kwa kompaila, zinatheka, ndinakopera pa kompyuta ya amalume, ndipo ndinagwiritsa ntchito sabata yonse osavutika.

Chinatsala ndi kuwauza. Kwathu muphwa saphunzitsa malume ake anthu akuona, ndipo mu ofesi muja simunkasowa anthu: dalaivala, onyamula katundu, makasitomala. Komanso anali akuchokera kumaliro. Ndinalemba zilembo ziwiri zatsopanozo pa kapepala, ndi mawu ochepa aulemu, n'kukapsinja ndi sitepula pa desiki pawo madzulo a Lachisanu. Lolemba nditafika ndinapeza atakhala kale pampando, desiki atapukuta, kapepala palibe. Ndinati awerenga. Sindinafunse.

Tsiku la ndege yakunja kompyuta yawo inalira. Ndinali pa desiki panga ndikukonza mapepala a sikelo. Inaliranso. Ndinaweramitsa mutu. Italira kachitatu, amalume anatseka kabuku kawo, anaimirira, anatsitsa makina otayipira pa kabati, n'kuyamba kulowetsa mapepala ndi kaboni. Ndandanda anamaliza, koma mochedwa, pakuti mapepala atsopano a akasitomu anali aatali.

Masiku a katundu wa ku Lilongwe zonse zinkayenda. Tsiku la ndege yakunja likafika, kompyuta inkalira katatu, iwo n'kutsitsa makina otayipira. Ndinaona ndithu kuti zimachitika masiku amenewo okha, koma ndinadzipezera chifukwa. Masiku amenewo ofesi inkadzaza, aliyense ankafulumira, ndipo mzere wolemba unali wautali. Ndinati zala zawo zayamba kuphonya. Ndinati ndi ukalamba. Sindinaimirirepo kumbuyo kwawo kuti ndione chimene akulemba, chifukwa kutero kukanakhala kuwauza kuti ndamva.

Dalaivala wathu, bambo wa makani amene ankaseka aliyense, ndiye sankadziletsa.

"Mdala, kamkazi kanu kakukananinso," anatero tsiku lina atatsamira pakhomo. "Tumani ankhoswe. Si awa muli nawo pompano?"

"Ankhoswe ndine ndemwe," anayankha amalume osatembenuka. "Iwe kawone ngati galimoto yako ili ndi madzi. Dzana inakutula pa Lunzu ngati thumba la makala."

Onyamula katundu anaseka, dalaivala nayenso. Ine ndinaona mpata, ndipo ndinanena motsitsa mawu kuti, "Amalume, ndione?"

Anasuntha phewa n'kutchinga sikirini. "Ukaone chiyani? Pita ku shedi ya katundu, akukudikira."

Ndinapita. Ndinali nditafunsa pa nthawi yolakwika, anthu akuseka, ndipo sindinafunsenso.

Patapita sabata zingapo, mabokosi a tsabola wamuwisi a mlimi wina wa ku Mdeka anatsala. Ndandanda anafika ku shedi akasitomu atatseka kale, ndege inanyamuka, ndipo mabokosiwo anakhala masiku atatu pa kutentha kwa ku Chileka. Mlimiyo anabwera yekha kudzaona. Sanakalipe. Anatsegula bokosi limodzi, anatola tsabola wofota, anamuyang'ana, n'kumubwezera. Amalume anaimirira pa desiki pawo manja ali kumbuyo mpaka bamboyo atatuluka.

Madzulo ake amanijala anandiitana n'kutseka chitseko. Anali munthu wamng'ono kwa amalume ndi zaka zambiri, ndipo nawonso ankawaopa.

"Achimwene, ndikuuzani inu chifukwa ndi amalume anu," anatero. "Ndimawalemekeza. Koma eni kampani afunsa. Mwezi wamawa ukatha zili chonchi, ndiyenera kupeza munthu wina. Mulankhule nawo."

Ndinavomera. Ndinatuluka n'kupeza amalume akuphimba makina otayipira ndi nsalu, akuwongola makwinya ndi chikhatho. Ndinatsanzika n'kupita kunyumba.

Sindinalankhule nawo. M'malo mwake ndinapeza nzeru imene ndinaiona ngati yaulemu. Ngati muphwa sangauze malume ake polakwika, makina angathe. Ndinaganiza zosintha uthenga wa pulogalamu uja kuti uzinena bwinobwino vuto, mwakachetechete, kwa munthu amene wakhala pa sikiriniyo yekha. Akatero adzadzikonza okha, ndipo palibe adzadziwe kuti anathandizidwa.

Ndinayamba ndi pepala ndi pensulo. Choyamba ndinaganiza zochotsa kulira kuja. Chachiwiri, uthengawo ukhale m'Chichewa, ndipo uziti inu. Ndinalemba kuti "Mwalakwitsa" n'kufufuta nthawi yomweyo. Ndinalemba kuti "Pepani" n'kuona kuti makina opepesa angawakwiyitse koposa. Ndinatha masiku atatu pa mizere inayi. Pomaliza ndinakhazikika pa izi: pulogalamu ibwereze mzere wonse umene munthu walemba, iike kachizindikiro pansi pa chilembo chovutacho, n'kunena kuti, "Chilembo chimene inu mwalembachi sindikuchidziwa. Zimene ndimadziwa ndi izi." Pansi pake pabwere zilembo zonse zolondola, chilichonse ndi ntchito yake. Ndinaona kuti vuto likhale la makina osadziwa, osati la munthu wolemba. Ndinakhutira nazo kwambiri.

Koma kompyuta yakumbuyo, imene ndinkakonzera mapulogalamu, inali itapsa ndi mphenzi sabata ziwiri zapitazo, ndipo kampani inabweretsa ina kuchokera m'tauni. Yatsopanoyo inabwera ndi kompaila yake. Nditamaliza kusintha pulogalamu ndinatsegula buku langa la fotokope pa tsamba lopindidwa, ndinakopera mzere wa kompaila monga ndinkachitira nthawi zonse, zilembo zisanu ndi timizere take, n'kudina batani. Kompaila inayankha ndi mzere umodzi wa Chingerezi: lamulo lina pa mzerewo ndi lolakwika. Inaika nambala kumapeto, n'kusiya pomwepo.

Ndinayang'ana m'buku, ndinayang'ana pa sikirini. Zinali zofanana. Ndinalembanso pang'onopang'ono. Yankho lomwelo. Ndinafufuza nambala ija m'buku lonse, munalibe. Ndinayesa kuchotsa zilembo chimodzichimodzi. Nditachotsa chachinayi uthenga uja unasowa, koma m'malo mwake panatsika mizere yambirimbiri ya madandaulo ena, yothamanga moti sindinathe kuwerenga, ndipo pulogalamu sinatuluke. Ndinaganiza kuti ndaononga china posintha. Ndinabwerera ku pulogalamu kukafuna cholakwa chimene munalibe.

Ndinachita zimenezi nthawi ya nkhomaliro iliyonse kwa sabata zitatu, chitseko chili chotseka. Kudzera pa khoma ndinkamva kompyuta ya amalume ikulira masiku a ndege yakunja, kenako kugogoda kwa makina otayipira. Bambo amene anandiphunzitsa uja anali atatsegula kashopu kokonza makompyuta m'tauni, ulendo wosakwana ola pa minibasi. Ndinkadziwa. Koma kuti ndipite m'kati mwa sabata ndinayenera kupempha kwa amanijala ndi kunena chifukwa, ndipo katswiri wathu sakanafuna kunena kuti wakanika kuyendetsa makina ake omwe. Loweruka loyamba ndinati nditha ndekha. Lachiwiri kunali chinkhoswe cha mwana wa mnzanga. Ndinapita Loweruka lachitatu.

Ndinamupeza akudya chipisi pa nyuzi, atazunguliridwa ndi makompyuta otsegula mimba. Ndinamupatsa pepala limene ndinakoperapo mzere wanga ndi yankho la kompaila. Anapukuta zala pa thalauza, anayang'ana, n'kuseka.

"Bukuli mukadali nalo? Ili ndi la agogo, achimwene. Chachinayichi anachichotsa kalekale. Panopa mumalemba chonchi." Analemba mawu awiri pansi pa mzere wanga. "Mwavutika nthawi yaitali bwanji?"

"Masiku angapo."

"Masiku angapo," anabwereza, akundiyang'ana. "Mukanangoimba foni."

Ndinamufunsa chifukwa chake kompaila sinangonena kuti chilembocho anachisintha.

"Amene anasinthayo amadziwa kale," anatero akubwerera ku chipisi chake. "Ndiye amaona ngati dziko lonse likudziwa."

Ndinaseka naye. Ndinakwera minibasi ndili ndi mawu amenewo m'makutu, ndipo njira yonse ndinkakwiyira munthu wosadziwika wa kutsidya kwa nyanja amene anandidyera sabata zitatu. Za kapepala kanga ka pansi pa sitepula sindinazikumbuke ngakhale kamodzi.

Lolemba ndinalawira. Ndinalemba mzere watsopano, kompaila inakhala chete kamphindi, n'kutulutsa pulogalamu. Ndinaiyesa polemba dala chilembo chopanda pake. Sinalire. Inabwereza mzere wanga, inaloza chilembocho, n'kundandalika zolondola. Ndinaikopera pa disiketi n'kutuluka nayo kuti ndiike pa kompyuta ya amalume iwo asanafike.

Pa desiki pawo panalibe kanthu. Kapu yawo ya tiyi, kakalendala ka mpingo, kabotolo ka mafuta a makina, zonse zinali zitachoka. Makina otayipira anali pamwamba pa kabati, ataphimbidwa. Amanijala atafika anandionetsa kalata. Amalume anaipereka Lachisanu masana ine ndili ku shedi. Inali ya mizere isanu, yotayipidwa pa makina awo aja, yopanda cholakwa. Ankathokoza kampani ndi kupempha kupuma.

"Ndimaganiza kuti mwagwirizana," anatero amanijala.

Dalaivala ndiye anandiuza zoona, ulendo uno osaseka. Anali atamva amanijala akufunsa pa foni za mayi wina wodziwa kompyuta, ndipo Lachinayi anawatsina khutu amalume. "Ndimati mdala akudziwa kale. Inu simunawauze?"

Loweruka lotsatira ndinapita ku Lirangwe. Ndinatenga shuga ndi buledi, ndiponso pepala limene ndinasindikizapo uthenga watsopano uja. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kuti pepalalo lichite. Chimanga chinali chitafika m'chiuno, anthu ali m'minda kubandira. Akazi awo a amalume anandilandira n'kundilozera kuseri kwa nyumba. Amalume ndinawapeza atakhala pa mpando wa ndalema akusema mpini wa khasu, atavala malaya a ku ofesi, zolembera ziwiri zili m'thumba.

Tinapatsana moni. Anafunsa za akazi anga ndi ana, za amayi, za denga la kwathu limene linkadontha. Kenako anaika mpini pansi.

"Unkadziwa kuti akufuna kundichotsa?"

"Ndinkadziwa, amalume."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku la tsabola lija."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye ndinamvera kwa dalaivala."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuyamba kufotokoza zimene ndinkakonza, za kulira kumene ndinachotsa, za kompaila imene inandikana. Ndinalankhula kwambiri kuposa mmene ndimalankhulira. Iwo anavala magalasi n'kuligwira pepalalo patali.

"Mzere wachiwiriwu walowa m'kati kwambiri," anatero. "Koma Chichewa chake ndi chabwino. Makina akuti inu?"

"Eya."

"Aphunzira mwambo mochedwa."

Anapitiriza kuwerenga, chala chikutsika pa zilembo zolondola zija chimodzichimodzi. Chitafika pansi chinabwerera pamwamba, n'kutsikanso.

"Nanga cha katundu wakunja chili kuti?"

"Ndi ziwirizi, amalume. Dziko lililonse chake."

"Ayi. Ndikunena chakunja." Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabuku kofiira kaja. Anatsegula osafufuza n'kundipatsa. Mzerewo unali pamenepo m'zilembo zawo zoongoka, wathunthu, monga mmene bambo wa m'tauni anawauzira. Chilembo chachitatu chinali chimene ndinachotsa ine. M'mbali mwa tsambalo munali timizere ta pensulo tambirimbiri, ndipo ndinazindikira kuti ankachonga nthawi iliyonse imene ayerekeza mzerewo ndi wa pa sikirini.

Nkhuku inadutsa pakati pathu.

"Amalume, simunkalakwitsa inu," ndinatero. "Chilembo ichi ndinachichotsa ine, muli kumaliro. Ndinakusiyirani kapepala pa desiki."

"Kapepala kanji?"

"Pansi pa sitepula."

Anaganiza. "Tsiku limenelo ndinapeza desiki ili ndi zinyalala zako za sabata yonse. Ndinasesa zonse." Anavula magalasi n'kuwapinda. "Ndiye miyezi yonseyi makinawo ankandilalatira chabe."

"Eya."

"Ine ndinkadziwa kuti ndikulemba bwino. Ndinkayang'ana chilembo ndi chilembo. Ndinangofika poganiza kuti pali china chimene achinyamata mumachiona ine osachiona." Anatola mpini uja n'kuuyang'ana kumutu. "Iwe unali pomwepo, mphwanga. Mayadi awiri."

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

"Manyazi ndinachita ndithu. Pamaso pa munthu wa tsabola uja."

Ndinawauza kuti Lolemba ndikafotokozera amanijala zonse, ndipo ndikapempha kuti abwerere. Anakana.

"Kalata ndinalemba ndekha, palibe anandigwira dzanja. Ndikabwerere kuti dalaivala azikati mdala anabwezedwa ndi muphwa wake? Kafotokoze ngati ukufuna, koma usakandipemphere kanthu." Anaitana akazi awo kuti abweretse tiyi. Kenako anandifunsa ngati ndingawapezere misomali ya mainchesi anayi ku Lunzu, ndipo nkhani ija sanaibwerezenso tsiku limenelo, ngakhale tsiku lina lililonse.

Lolemba ndinakawauza amanijala. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapukusa mutu, n'kunena kuti ndi zachisoni, koma mayi uja anali atalembedwa kale ndipo ayamba sabata yamawa. Ine sanandidzudzule. Anati zoterezi zimachitika, ndipo pasanathe mwezi anayambanso kunditchula katswiri wathu. Ndikanakonda akanandikalipira.

Sabata yomweyo ndinatsegulanso pulogalamu ija. Uthenga wanga watsopano, umene ndinaunyadira, ndinaona kuti ukanawathandiza amalume koma ukanawanamiza pang'ono. Ukanati chilembo chawo sukuchidziwa, pamene chinali chilembo chake chomwe kwa zaka. Ndinawonjezera mizere ina ya chilembo chakalecho chokha. Munthu akachilemba, pulogalamu inkayenera kuyankha kuti, "Chilembo ichi chinali cholondola. Tinachisintha ife. Tsopano lembani chimodzi mwa ziwiri izi." Ulendo uno kompaila inalandira msanga. Ndinatenganso cholembera n'kukonza mzere uja m'buku langa la fotokope, ndi kulemba m'mbali chimene chinasintha.

Mayi amene analowa m'malo mwa amalume anali wakhama ndi waulemu. Ndinamuphunzitsa ndekha, pakamwa, nditaimirira pambali pake. Uthenga woyamba uja unamuthandiza kangapo m'masiku ake oyamba, ndipo anandiuza kuti sanaonepo kompyuta yolankhula Chichewa. Chilembo chakale sanachidziwepo, ndiye sanachilembepo.

Amalume anakhala ku Lirangwe zaka zingapo akulima. Ndinkapita kukawaona, ndipo ankandilandira bwino. Milandu ya kwathu anapitiriza kuweruza, ndipo mwana wanga woyamba atadwala ndi iwo anabwera kudzakhala nafe kuchipatala masiku awiri. Koma za ku ofesi sankafunsa, ndipo ndikayamba kunena ankasintha nkhani. Za mizere imene ndinawonjezera ija sindinawauze. Ndinkadikira tsiku loyenera. Anamwalira nyengo yokolola, atadwala sabata imodzi.

Patapita nthawi kampani inagula makompyuta a zithunzi ndi pulogalamu yochokera kunja, ndipo akalewo anati apite kosungira zinthu. Tsiku lowachotsa ndinapempha onyamula katundu kuti ayambe ndi yakumbuyo. Ndinakhala pa mpando umene unali wa amalume, ndinayatsa kompyuta, n'kulemba mzere wa m'kabuku kofiira uja, umene ndinali nditauloweza. Uthenga unatuluka monga ndinaulembera, mizere itatu, popanda kulira. Ndinauwerenga kamodzi. Onyamula katundu anali ataima pakhomo akudikira, ndiye ndinazimitsa n'kuzula chingwe.